Trip, tour, cruise kapena voyage: ndilembe liti pachikwangwani cha boti?

Wa_ku_Chembe:

Moni nonse akuluakulu. Ndithandizeni Chingerezi msanga, penti yagulidwa kale ndipo wolemba zikwangwani akubwera Loweruka.

Ine ndimakhala ku Chembe, ku Cape Maclear kuno. Ndimayendetsa boti la injini la malume anga, lamatabwa, la denga la tenti. Ntchito yathu ndi kutenga alendo kupita nawo ku chilumba cha Thumbi, kukawasambitsa pamiyala pomwe pamadzaza tinsomba tokongola totchedwa mbuna, kuwaonetsa nkhwazi ikamatsika kudzawakha nsomba yomwe taponya pamadzi, kenako masana kuwaotchera kampango. Ena amangofuna ku Otter Point, ola limodzi abwerako. Ena amakwera madzulo kuti dzuwa likawalowere ali pakati pa nyanja, botolo lili m'manja. Aliponso amene timangowawolotsa kupita ku chilumba cha Domwe, kuwasiya, n'kudzawatenga mawa lake. Mwa apo ndi apo pamapezeka mlendo wofuna kuti timupezere galimoto ya ku Monkey Bay akakwere sitima ya Ilala, kapena yokafika ku Liwonde.

Mpaka pano takhala tikuitanira pakamwa, kuyenda pamchenga uku ndi uku. Koma oitanira tachuluka, ndipo alendo ena amatopa nafe tisanatsegule n'kamwa komwe. Ndiye malume avomera kuti tikhome chikwangwani pamtengo womwe timamangirirapo boti, zomwezo ndikaikenso pa Facebook.

Vuto langa nali. Kwa ine zonsezi ndi ulendo basi. Koma ndayenda m'mbali mwa nyanja kuwerenga zimene anzanga analemba, ndipo aliyense ali ndi liwu lake. Wina Boat Trips, wina Island Tours, wina Sunset Cruise, wina Lake Excursions. Mkulu wina kumapeto kwa mudzi analemba Lake Voyages ndi zilembo zachikasu zazikuluzikulu. Msuweni wanga amene analemba MSCE chaka chatha akuti ndiike Lake Journeys, ati ndi liwu lomwe ankalemba m'chimangirizo ndipo aphunzitsi sankalidula.

Ine mtima wanga uli pa voyage, kunena zoona. Limamveka lolemera. Koma sindikufuna kuti mlendo adzaime pachikwangwani changa n'kumachijambula pafoni akuseka, monga ndimawaonera akuchita ndi zina. Ndiye mawu amenewa amasiyana pati? Kapena ndi amodzi, munthu amangotola lomwe lamusangalatsa? Komanso mlendo akamanyamuka ndizimuuza safe journey, safe trip kapena safe travel? Zonse zitatu ndimazimva.

Dziwaninso kuti wolembayo amalipiritsa powerenga zilembo, ndiye liwu lalitali liyambe landikhutiritsa.

Aphunzitsi_Opuma:

Achimwene a ku Chembe, mwachita bwino kufunsa penti isanakhudze thabwa. Mawuwo si amodzi ayi. Ndaphunzitsa Chingerezi ku sekondale mpaka kupuma, ndipo apa ndi pamene ana ambiri ankapunthwa, ngakhale anzeru omwe.

Tiyambe tachotsa travel, chifukwa ilo lili m'gulu lina. Nthawi zambiri ndi mneni: I travel, she travelled. Likakhala dzina limanena za kuyenda mwachisawawa, ndipo siliwerengedwa. Mumati air travel, travel agent, travel documents, koma simunganene kuti a travel, kapena two travels ponena za maulendo awiri a ku Thumbi. Ana anga ankakonda kulemba kuti I had a nice travel to Salima, ndipo cholembera changa chofiira chinkathera pomwepo. Lilipo lakuti my travels, koma limenelo ndi la munthu amene wayendayenda maiko kwa nthawi yaitali.

Journey ndi msewu weniweniwo, kuchoka apa kukafika apo. Mlendo wanu akatsika ndege ku Lilongwe, n'kudzera ku Dedza, kutsetsereka Khwekhwerere mpaka Golomoti, n'kudzafika kwanuko fumbi lili m'tsitsi, chimene wadutsamocho ndiye journey. Liwuli linachokera ku Chifalansa, ku liwu lotanthauza tsiku, ndipo kalekale linkanena mtunda umene munthu angayende tsiku limodzi. Msuweni wanu sanalakwe m'chimangirizo chake, poti mitu ya mayeso imakonda nkhani za basi yofa panjira ndi mlatho wokokoloka. Koma pachikwangwani cha malonda silikhala bwino. Journey ndi imene munthu amaipirira kuti akafike kumene akufuna, ndipo palibe amene amadzuka pa loji n'kunena kuti lero ndikagule journey.

Trip ndi kupita, kukachita chimene wapitira, n'kubwerako. Zonse zitatu zili m'kati mwa liwu limodzi. N'chifukwa chake timati business trip, school trip, fishing trip, day trip. Mvetsani kusiyana kwake pa mafunso awiri awa. Mukamufunsa mlendo kuti how was your journey, akuuzani za maenje a mumsewu ndi ma roadblock. Mukamufunsa kuti how was your trip, akuuzani za nsomba zomwe waona, chakudya, anthu, zonse. Wa ku Thumbi uja ndi boat trip yeniyeni, palibe chokayikitsa.

Tour ndi kuzungulira malo angapo motsatizana, kawirikawiri pali wina wotsogolera amene akufotokoza. Achikulire anzanga akukumbukira Kamuzu akuyendera minda chaka ndi chaka, nyuzipepala zinkalemba kuti crop inspection tour, chifukwa ankaima apa, kuona, kuyankhula, n'kupita pena. Andale a masiku ano nawo akamaima pa ma trading centre motsatizana amati whistle-stop tour. Ndiye mukalemba tour mwalonjeza pakamwa panu, osati injini yokha. Ndipo kwanuko zofotokoza zilipo zambiri. Dzina lakuti Cape Maclear anapereka ndi David Livingstone polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Amishoni a Livingstonia anayamba kukhazikika pomwepo mu 1875 malungo asanawathamangitsire ku Bandawe, ndipo manda a ena mwa iwo alipo mpaka lero. Paki ya nyanjayo inakhazikitsidwa mu 1980, UNESCO n'kuiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha mbuna zomwe mumasambitsapo alendozo. Ngati mungawatenge kumanda, kumudzi, pathandala la usipa, kwinaku mukuwauza zimenezi, lembani Village Tour mosaopa. Koma ngati mumangowatsitsa pamwala n'kukhala chete m'boti kudikira kuti atope, musalembe tour, adzakudandaulani.

Tsopano voyage wanu wokondedwayo. Pepani, musiyeni. Voyage ndi ulendo wautali wa panyanja yamchere, wa masabata kapena miyezi, mtunda osaoneka. Vasco da Gama kunyamuka ku Lisbon mu 1497, kuzungulira kumwera kwa Africa, kudzera ku Mozambique, n'kukafika ku India mu 1498, imeneyo ndiye voyage. Titanic inamira mu 1912 pa maiden voyage, kutanthauza ulendo wake woyamba. Masiku ano liwuli limagwiranso ntchito pa maulendo a mumlengalenga, n'chifukwa chake zombo ziwiri zomwe Amereka anatumiza mu 1977 anazitcha Voyager. Nanga Thumbi, woti munthu ali pagombe amaona mitengo yake? Chimene mukuopa chija, chojambulidwa pafoni, chingakuchitikireni ndi liwu limeneli.

Expedition nalonso lisakukopeni mukadzaliona. Limafuna cholinga chachikulu ndi katundu wambiri, monga ulendo wa Livingstone wa pa Zambezi wa 1858 mpaka 1864, umene unamufikitsa pa nyanja yathuyi mu 1859.

Ine ndikanakhala inu ndikanalemba Lake Excursions pamwamba. Excursion ndi kaulendo kafupi kokasangalala, ka gulu, kokonzedwa ndi wina, ndipo ndi ndendende zimene mumachita. Ndi Chingerezi chaulemu.

Dalaivala_wa_Tipa:

Aphunzitsi mwafotokoza bwino koma ine trip ndimaidziwa mwina. Kuno ku Area 25 munthu akaimba kuti akufuna matripu atatu, sindifunsa kuti akukasangalala kuti. Ndimadziwa kuti ndi mchenga wa kumtsinje kapena kwale. Kupita kukadzaza, kubwera kudzakhuthula, tripu imodzi yatha, ndalama patebulo. Ndiye zomwe mwanena zija zoti kupita ndi kubwera zili m'liwu limodzi, ife a matipa tinazidziwa kale osapita ku sekondale.

Achimwene a boti, excursions ndi zilembo 10, trips ndi 5. Ngati akuwerenga zilembo, nkhani yatha pamenepo.

NaBanda_Leeds:

Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, pa excursion pokha ndikutsutsaniko pang'ono. Zina zonse ndagwirizana nanu.

Ndisanabwere ku UK kuno ndinkagwira ntchito pa reception pa loji ina ku Mangochi, ndipo pano ndimasamalira okalamba, ndiye Chingerezi cha m'kamwa mwa eni ake ndimachimva kuyambira m'mawa mpaka usiku. Excursion ndi liwu lolondola, koma anthu salinena pocheza. Umalipeza m'timabuku ta mahotela akuluakulu ndi ta sitima zikuluzikulu zoyenda ndi alendo panyanja zamchere, pomwe amalemba shore excursions. Agogo ena amene ndimawasamalira amalitchula akamakumbukira za kale, basi yodzaza anthu a tchalitchi kupita ku Blackpool. Koma achinyamata a zikwama kumsana amene amafika ku Cape Maclear aja, mnzake akamufunsa kuti mawa ukutani, amayankha kuti we're doing a boat trip. Chikwangwani chizinena zomwe zili kale m'mutu mwa wogula. Ndiye pamwamba lembani Boat Trips, mwamaliza.

Wa madzulo uja ndi Sunset Cruise, ndipo musachite manyazi kuti boti ndi lamatabwa. Anthu ena amaganiza kuti cruise ndi ya sitima zansanjika zokha. Ayi. Cruise ndi pamene kukhala m'botimo ndiye chisangalalo chake, palibe kumene mukuthamangira. Koma liwuli lili ndi ngongole yake. Mlendo akawerenga cruise amayembekeza kukhala pansi pouma, injini ikulira pang'onopang'ono kapena itazimitsidwa, chakumwa chozizira chili pafupi. Pa loji paja tinali ndi mnyamata wina amene ankati alendo akangokwera, iye moto, kuthamanga ngati akuthawa mvula, madzi kuwathira m'makamera, dzuwa lisanalowe n'komwe wabwera nawo kale. Madandaulo onse ankafikira pa tebulo langa. Anthuwo sankakwiya ndi boti, ankakwiya kuti anagula cruise n'kulandira zina.

Wa ku Domwe si trip yogulitsa ngati zinazo, chifukwa inu simukhala nawo. Pamenepo liwu la ntchito ya alendo ndi transfer: Boat Transfer to Domwe. Galimoto ya ku Monkey Bay chimodzimodzi, transfer. Limamuuza munthu kuti ndikunyamula apa, ndikakusiya apo, nkhani za nkhwazi usayembekezere. Ndipo apa samalani ndi mtengo. Lembani ngati ndi one way kapena return. Aku Britain amati single ndi return, aku America amati one way ndi round trip. Mukalemba one way ndi return, onse amva. Musasiye chopanda kanthu, mudzakangana ndi munthu pachilumba mawa lake iye akuti analipira kale zonse.

Wa ola limodzi wa ku Otter Point mukhoza kuutcha short trip. Boat ride liliponso, koma limamveka ngati la ana pamalo osewerera, ndipo munthu safuna kulipira zambiri pa ride.

Safari musaliike pa Thumbi. M'Chiswahili ndi ulendo uliwonse, ngakhale wa basi, koma m'Chingerezi munthu akaliwerenga amaona nyama zikuluzikulu. Ku Liwonde amalemba boat safari chifukwa pa Shire pali mvuu, ng'ona ndi njovu zobwera kudzamwa madzi. Ngati mumapezera anthu galimoto ya kumeneko, pamenepo liwulo likhoza kukhala.

Potsanzikana: safe journey ndi labwino kwambiri kwa munthu amene akukwera galimoto kubwerera ku Lilongwe kapena kukakwera ndege. Have a good trip ndi la munthu amene zosangalatsa zake zikadali kutsogolo, mwachitsanzo akuchoka kwanuko kupita ku Mulanje kukakwera phiri. Safe travels liliponso, koma pakhale s kumapeto, limamveka bwino choncho. Travelling mercies lija timauzana ku Mvano lisungireni a kutchalitchi, mlendo wamba angokuyang'anani.

Langa la tsiku ndi tsiku kuno ndi commute, basi ya m'mawa kuli mdima ndi chisanu kupita kuntchito, madzulo yomweyo kubwerera. Limenelo silidzafika pachikwangwani cha munthu aliyense.

Wa_ku_Chembe:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka aphunzitsi ndi achemwali a ku Leeds. Voyage ndamusiya, ngakhale zikundiwawa. Zoti tour imafuna kufotokoza zandipatsa maganizo, chifukwa malume amadziwa mbiri ya mudzi uno kuposa aliyense koma Chingerezi chawo n'chochepa, ine Chingerezi ndimayesako koma mbiri sindiidziwa bwino. Mwina tizipita awiri.

Latsala funso limodzi. Nanga Ilala? Alendo amandifunsa kawirikawiri za iyo, ndipo ndikufuna kulemba pa Facebook kuti timathandiza kuwafikitsa padoko. Imeneyo ndi masiku angapo pamadzi, munthu amagona momwemo. Pamenepo voyage sangalowe? Ndikufunsira mnzanga wa zilembo zachikasu uja.

Mayi_wa_Usipa_Likoma:

Mwana wanga, Ilala ndimakwera ine, ndi matumba a usipa, kuchoka ku Likoma kupita ku Nkhata Bay. Chingerezi changa ndi cha Fomu 2 koma pa sitimayi ndikuuzako.

Eni ake a Chingerezi amaitcha ferry, chifukwa ntchito yake ndi kunyamula anthu ndi katundu doko ndi doko, kuchoka ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba n'kubwerera. Ndi yakale, inapangidwa ku Scotland, n'kubwera zidutswazidutswa kudzalumikizidwa kuno, ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Kwathu ku Likoma ndi ku Chizumulu ikachedwa, sopo ndi shuga zimayamba kusowa m'magolosale.

Tsono m'sitima imodzi yomweyo muli maulendo awiri. Pamwamba pali alendo, agona pamatiresi panja, akumwa mowa, akujambula mapiri a ku Mozambique. Amenewo ndawamva ndi makutu anga akunena kuti cruise, ena voyage, akuseka okha. Pansi tili ife, pakati pa matumba, nkhuku, malata, njinga, mwana akulira, injini ikutentha kumsana. Pa Likoma sitima inkaima patali, tonse n'kutsikira m'maboti ang'onoang'ono, katundu pamutu, madzi m'chiuno pofika kumtunda. Ukandifunsa ine m'Chingerezi ndinena kuti journey, ndipo ndiwonjezera kuti long.

Liwu lina limene ndinaphunzira kwa alendo omwewo ndi crossing. Nthawi ya mwera, cha mu June ndi July, pakati pa Chizumulu ndi Nkhata Bay nyanja imakwiya, sitima kumapendekeka, anthu kumasanza m'zitenje. M'mawa mwake mzungu wina nkhope ili mbuu anandiuza kuti that was a rough crossing. Ndinafunsa mwana wasukulu amene ndinakhala naye pafupi, anati ndi kuwoloka kuchoka gombe lina kupita lina. Ndiye alendo ako ukamawauza za mwera, liwu ndi limenelo. Uziwauza ndithu, asamadzadzidzimuke.

Aphunzitsi_Opuma:

Mayi a ku Likoma ayankha bwino kuposa mmene ndikanayankhira. Pa Ilala, munthu wolemba nkhani yake m'magazini atati voyage sindingamudule, poti ndi masiku angapo ndipo akufuna kukometsa. Koma inu simukugulitsa ulendo wa Ilala, mukugulitsa galimoto yokafika padoko. Lembani Transfer to the Ilala ferry, Monkey Bay.

Za excursion ndamva, mwana wanga wa ku Leeds. Ine Chingerezi changa ndi cha m'mabuku a Fomu 4, inu mukukhala ndi eni ake. Komabe achimwene, mukadzalembera kalata sukulu kapena kampani yoti ibweretse gulu, m'kalatamo excursion ndi limene lidzakutsegulireni chitseko. Pathabwa ikani trips.

NaBanda_Leeds:

Pamenepo tagwirizana, aphunzitsi.

Achimwene, Loweruka musamusiye yekha wolembayo. Mulembereni papepala ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo muime pomwepo akamalemba. Ambiri amakonda kuika kachizindikiro kam'mwamba kaja s asanabwere, n'kulemba Trip's. Ndi Trips, popanda kanthu pakati. Cruise ndi u kenako i, osati Criuse, ndaionapo ku Senga Bay. Snorkelling, kusambira kuja koona nsomba uli ndi galasi kumaso ndi kapaipi kopumira, aku Britain amalemba ndi l awiri, aku America ndi mmodzi, onse ndi olondola, ndiye poti mukulipira pa chilembo tengani wa l mmodzi. Pa mtengo uliwonse onjezani per person kapena per boat, ndipo pa Thumbi nenani ngati ndi half day kapena full day, komanso ngati ndalama yolowera m'paki ili momwemo kapena mlendo alipira payekha.